Maphunziro a utsogoleri a amayi ku Chicago: kodi madola 3,500 aja anagwira ntchito?

Imelo yondiuza kuti ndasankhidwa inafika Lachisanu masana, kumayambiriro kwa Ogasiti 2024, ndili kalikiliki kutseka mabuku a mwezi wapitawo. Ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina yonyamula katundu kunja pang'ono kwa mzinda wa Chicago, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditatha zaka 7 pampando umodzimodzi. Kampani inali italipira madola 3,500 kuti ndichite nawo maphunziro a utsogoleri a amayi, a miyezi 6, oyendetsedwa ndi kabungwe kena kapadera. Dzina la kabungweko sinditchula, pakuti zina zimene ndinene pano n'zodandaula, komanso amayi ambiri amene ndinali nawo adakali pantchito zawo. Mapulogalamu otere ku America kuno alipo ambiri ndipo kachitidwe kake n'kofanana, choncho inu amene mukuganiza zolowa imodzi mwa iwo mudzazizindikira zimene ndikunenazi.

Tinalipo amayi 14 ochokera m'makampani osiyanasiyana: banki, inshuwalansi, fakitale ya zakudya, chipatala, ndi ife a mathiraki. Mwa amenewa, 11 anali achilatina, ndiye kuti obadwira ku Mexico, Puerto Rico, Honduras, Colombia ndi maiko ena a chigawo chimenecho, kapena ana a makolo ochokera kumeneko. Pulogalamuyo anaikonzera iwowo kwenikweni. Ine, mayi wakuda wobadwira kunja kwa America, ndinalowamo chifukwa kampani yathu inagula malo awiri, koma mayi wachilatina wa udindo wofanana ndi wanga anapezeka mmodzi yekha. Pa kampani ya antchito mazanamazana, mmodzi yekha.

Tinkakumana pa Zoom Lachiwiri madzulo, kawiri pamwezi, kuyambira 6 koloko mpaka 8. Panalinso masiku awiri a Loweruka okumana pamasom'pamaso mu holo ya hotela ina pafupi ndi bwalo la ndege la O'Hare, ndipo aliyense anapatsidwa mlangizi wakewake woti akumane naye kanayi, mphindi 45 ulendo uliwonse. Nthawi ya madzulo ija inali yosaganizira. Mayi wina ankalowa m'kalasi ali m'galimoto panja pa malo osungirako ana, wina ankazimitsa kamera mphindi zingapo kukapatsa mankhwala amayi ake odwala. Amuna a pakampani pathu akatumizidwa ku maphunziro a utsogoleri amapita masana, nthawi ya ntchito, ndipo desiki lawo wina amaliyang'anira. Ife tinkayamba kuphunzira titaweruka kale.

Tsiku loyamba anatiyalira manambala, ambiri ochokera mu lipoti limene bungwe lolimbikitsa amayi pantchito la LeanIn.Org limatulutsa pamodzi ndi kampani ya McKinsey, yolangiza za bizinesi, chaka chilichonse kuyambira 2015. La 2024 linali litangotuluka kumene. Pa mipando 100 iliyonse ya akuluakulu apamwamba penipeni m'makampani amene anawafufuza, mu 2024 amayi anali pa mipando 29, pamene mu 2015 anali pa 17. Kumva choncho umati zinthu zikuyenda. Koma pa 29 imeneyo, amayi omwe si azungu, onse kuwaphatikiza, anali ndi 7 yokha. Achilatina akamayamba ntchito amakhala pafupifupi 5 pa anthu 100 aliwonse, koma pofika pamwambapo amatsala mmodzi. Ndipo ambiri sathera kumwambako ayi. Amathera pa khwerero loyamba, pamene munthu amachoka pa ntchito wamba n'kukhala manijala: mu lipoti la 2024 lija, amuna 100 akakwezedwa, amayi ankakwezedwa 81, achilatina 65, akuda 54. Nambala yomalizayo ndi yanga, ndipo ndinailemba pakona pa kope langa.

Mphunzitsi asanamalize, mayi wina wa ku banki, wa makolo a ku Puerto Rico, anatsegula maikolofoni yake n'kunena modekha kuti, "Pepani mayi, manambalawa ife timawadziwa, ndi moyo wathu umenewu. Ofunika kuwamva ndi mabwana athu, ndipo muno mulibe ngakhale mmodzi." Panangoti zii. Mawu amenewo sanachoke m'mutu mwanga miyezi yonse 6, ndipo ndi muyezo umene ndikuyezera pulogalamuyi.

Ndiyambe ndi zimene zinayeneradi ndalamazo. Mlangizi wanga anali mayi wachikulire, wopuma pantchito atagwira zaka zambiri ku ofesi yoona za antchito m'makampani akuluakulu. Tsiku loyamba sanandifunse za maloto anga. Anati, "Kodi mukudziwa kuti za kukwezedwa kwanu amazikambira m'chipinda chiti, mwezi uti, ndipo mumakhala ndani ndi ndani?" Sindinkadziwa. Zaka 7 zonse ndinkaganiza kuti bwana wanga amaona ntchito yanga, n'kulemba lipoti, basi. Iwo anandifotokozera kuti m'makampani ambiri aakulu, chaka chikamatha mamanijala amakhala pansi pamodzi n'kumayerekeza antchito awo, dzina ndi dzina. Ambiri amagwiritsa ntchito tchati cha timabokosi 9. Mbali ina imaonetsa mmene munthu wagwirira ntchito, mbali inayo imaonetsa kumene iwo akuganiza kuti munthuyo angafike m'tsogolo. Mbali yoyamba ili ndi umboni. Yachiwiri ndi maganizo chabe a anthu amene ali m'chipindamo, ndipo dzina lililonse limangotenga mphindi zowerengeka. Ngati palibe wonena kuti "uyu ndamuona ine, angathe," dzina lanu limaikidwa m'bokosi la anthu odalirika amene sayenera kusunthidwa, ndipo mumakalambira momwemo. Akatswiri a ku mayunivesite a MIT, Yale ndi Minnesota atafufuza kampani ina yaikulu ya mashopu anapeza zomwezi: amayi ankapatsidwa mamalikisi apamwamba kuposa amuna pa ntchito imene agwira, koma otsika pa za m'tsogolo zija, ndipo gawo lalikulu la kusakwezedwa kwawo linkachokera pamenepo.

Ulendo wachiwiri anandiuza kuti ndibweretse fomu imene ndinadzilembera chaka chapitacho, ija yofotokoza zimene wachita pantchito. Anaiika pa sikirini n'kuyamba kudula mizere kunsi kwa mawu. "Tinathandizana." "Gulu lathu linakwanitsa." "Ndinathandiza nawo." Anawerenga malo 12. Kenako anafunsa, "Amene anatulukira kuti kampani yogulitsa mafuta ija inkakulipiritsani kawiri inivoisi imodzi ndi ndani?" Ndinati ndine. "Zinabwezedwa ndalama zingati?" Ndinatchula. "Nanga zili pati apa?" Panalibe. Ndinali nditangolemba kuti ndinathandiza kukonza kalipiridwe ka mainivoisi. Tinakhala mphindi 30 pa ndime imodzi yokhayo, mpaka inanena chimene chinachitika, amene anachichita, ndi madola ake. Sitinawonjezere bodza ngakhale limodzi. Ndinangosiya kubisa ntchito yanga kuseri kwa gulu. Mphindi 30 zimenezo ndikanazilipira ngakhale ndi ndalama za m'thumba mwanga.

Mayi yemweyo ndiye anandimasulira phunziro lina limene m'kalasi linangodutsa ngati nkhani yolimbikitsa mtima. M'kalasimo anationetsa zithunzi za amayi achilatina amene anatsogolerapo imodzi mwa makampani 500 aakulu kwambiri ku America, mndandanda uja wa magazini ya Fortune. Zithunzi zinatha msanga. Woyamba anali Geisha Williams, wobadwira ku Cuba, amene anakhala mkulu wa kampani ya magetsi ndi gasi ya PG&E ku California mu 2017 n'kuchoka mu Januwale 2019, kampaniyo ili m'mavuto aakulu a milandu ya moto wolusa. Wina anali Priscilla Almodovar, mwana wa makolo a ku Puerto Rico wokulira ku Brooklyn, amene anayamba kutsogolera Fannie Mae, kampani yaikulu ya ngongole za nyumba, mu Disembala 2022. Mu 2024 amayi onse otsogolera makampani 500 aja, a mtundu uliwonse, anali 52. M'kalasi anatiuza kuti tiziyang'ana amayiwa n'kulimba mtima. Mlangizi wanga anati, "Nkhope zawo zisiyeni, onani kumene anadutsa." Williams ndi injiniya, ndipo asanakhale mkulu ankayendetsa gawo lonse la magetsi, ndi antchito ake, bajeti yake ndi mavuto ake omwe. Amene amafika pamwamba kawirikawiri amakhala atayendetsapo gawo lolowetsa ndalama, limene likaluza mlandu umakhala wawo. Amayi ambiri timakankhidwira ku maofesi othandiza: za antchito, za malamulo, zofalitsa uthenga, maakaunti. Ndi ntchito zofunika, kampani singayende popanda izo, koma makwerero ake ndi aafupi. Pa amayi 14 aja, amene ankayendetsa gawo lolowetsa ndalama anali mmodzi.

Ola lopindulitsa kwambiri la pulogalamu yonse silinali pa ndandanda n'komwe. Loweruka loyamba lokumana pamaso linali mu Okutobala, patangopita masiku ochepa kuchokera pa 3, tsiku limene chaka chimenecho anthu ankakumbukira kuchepa kwa malipiro a amayi achilatina. Mayi wachilatina wogwira ntchito maola onse chaka chathunthu amalandira pafupifupi masenti 58 pa dola iliyonse imene mwamuna wachizungu amalandira. Phunziro linali la kakambidwe ka malipiro, ndipo linayamba ndi masilaidi monga mwa nthawi zonse. Titapumulira khofi, mayi wa ku fakitale ya zakudya anati, "Mukutiphunzitsa kupempha, koma tipemphe zingati? Sitikudziwa kuti anzathu amalandira zingati." Anang'amba mapepala m'kope lake n'kugawira aliyense. Tinalemba zinthu zitatu popanda dzina: udindo, zaka pantchito, malipiro a pachaka. Tinapinda n'kuponya m'katoni imene munabwera masangweji. Mphunzitsi poyamba anaoneka womangika, koma anavomera kuwerenga mokweza, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

Atawerenga pepala lina, mayi amene anakhala moyang'anana nane anagwira pakamwa. Anali wobadwira ku Honduras, wa ku kampani ya inshuwalansi, wofatsa kwambiri. Pepalalo silinali lake. Linali la munthu wa udindo wonga wake, wa zaka 4 pantchito, wolandira madola 19,000 kuposa iyeyo amene anali atagwira zaka 11. Anadziulula yekha, mawu akunjenjemera. Anatiuza kuti pa zaka zimenezo anaphunzitsa ntchito anyamata atatu, ndipo awiri tsopano ndi mamanijala. Kasitomala wolankhula Chisipanishi akaimba foni, amaitanidwa iyeyo kuti amasulire, ngakhale nkhaniyo si ya dipatimenti yake, ndipo salandirapo senti. Mwezi wokumbukira chikhalidwe cha anthu achilatino, kuyambira 15 Sepitembala mpaka 15 Okutobala, wokonza chakudya, kukongoletsa holo ndi kuitana olankhula ndi iyeyo. Zonsezi amayamikiridwa pa imelo, koma m'chipinda cha timabokosi 9 chija sizitchulidwa. Amayi ena anali kungogwedeza mitu, aliyense ali ndi nkhani yake yofanana.

Apa mphunzitsi anatipatsa zinthu ziwiri zogwirika. Lamulo la ntchito la 1935, National Labor Relations Act, limateteza antchito ambiri a m'makampani omwe si a boma akamakambirana za malipiro awo, ngakhale kuti silikhudza amene ali kale oyang'anira anzawo. Ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2025, ku Illinois, chigawo chimene muli mzinda wa Chicago, kampani ya antchito 15 kapena kuposa iyenera kulemba malire a malipiro ikamalengeza ntchito, monga anayambira a ku Colorado mu 2021. Ambiri mwa ife tinkaopa kuti kutchula malipiro ako kwa mnzako ndi mlandu woti ungachotsedwe nawo ntchito.

Tikudikira magalimoto madzulo ake, mayi wa ku Honduras uja anatchula mawu amene agogo ake ankamuuza ali mtsikana: calladita te ves más bonita, kutanthauza kuti ukakhala chete ndi pamene umakongola. Asanamalize, amayi ena achilatina anamaliza nawo pamodzi, chifukwa onse anakula nawo mawuwo. Ine ndinawauza kuti m'chinenero changa timati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo awiri anandipempha kuti ndiwalembere. Koma ndisakunamizeni kuti vuto lonse ndi manyazi. Ambiri mwa amayi amenewa anali atapemphapo kale kukwezedwa, ena kawiri, ena katatu. Lipoti la 2023 la mabungwe omwe aja linasonyeza kuti amayi amafuna kukwezedwa mofanana ndi amuna pa mlingo uliwonse. Chimene chimasiyana ndi yankho. Mwamuna akalimbikira amati ali ndi mtima wa utsogoleri. Mayi wachilatina akalimbikira amati ndi wopsa mtima, magazi ake ndi otentha. Mayi wakuda amati ndi waukali. Ineyo ndinauzidwapo zimenezo nditangofunsa chifukwa chake ntchito ina inapatsidwa kwa munthu wina osalengezedwa.

N'chifukwa chake phunziro la mu Novembala linandipweteka. Anabweretsa mphunzitsi wapadera wa kaonekedwe ka mtsogoleri. Kwa maola awiri anatiuza za mitundu ya majekete, kutsitsa mawu, kuchepetsa manja polankhula, kuvala ndolo zazing'ono, ndi kulankhula pang'onopang'ono kuti katchulidwe kathu ka Chingerezi kasasokoneze omvera. Pa sikirini ndinaona mayi wa ku banki uja, yemwe uja wolimba mtima, akukweza dzanja n'kuvula ndolo zake zikuluzikulu zozungulira, imodzi kenako inzake, n'kuziika patebulo. Sanalankhule kanthu. Ine Chingerezi changa chili ndi katchulidwe ka kumene ndinabadwira, ndipo ndatha zaka ndikubwereza mawu pa misonkhano pamene anthu anamva kale. Sindinkayembekezera kuti pa maphunziro okonzedwera amayi ngati ife tidzauzidwenso kuti chofunika kukonzedwa ndi matupi athu ndi malilime athu. Tinalemba madandaulo pa fomu, pafupifupi tonse. Oyendetsa pulogalamu anapepesa pa kalasi yotsatira ndipo anati phunzirolo aliunikanso. Kupepesako ndinakulandira, koma madzulo amenewo anali atapita kale.

Chokhumudwitsa chachikulu chinali lonjezo limene linandikopa poyamba. Kabuku kotsatsa kanati mayi aliyense adzalumikizidwa ndi mkulu wa pakampani pake woti azimuikira kumbuyo. Mlangizi ndi wokuikira kumbuyo ndi anthu awiri osiyana. Mlangizi amalankhula nawe. Wokuikira kumbuyo amalankhula za iwe pamene iwe palibe, amatchula dzina lako m'chipinda muja, ndipo ukalephera, mbiri yake imadetsedwa nawo. Ameneyo ndiye amene amayi ambiri tilibe. Chimene tinalandira chinali chakudya cha masana pa Loweruka lomaliza, mu Febuluwale 2025. Akuluakulu a makampani onse anaitanidwa. Anabwera 5. Wa kwathu, wachiwiri kwa pulezidenti wa kampani, anafika, anandigwira chanza, anajambulitsa nane chithunzi, ananena kuti amanyadira amayi a pakampani pathu, ndipo patatha mphindi 20 anatsanzika. Palibe chimene anapemphedwa kulonjeza. Panalibe tsiku loti tidzakumanenso, panalibe ntchito yoti andipatse, panalibe woti adzamufunse pakatha miyezi itatu kuti wachitapo chiyani. Ndipo chifukwa chake n'chosabisika: olipira ndi makampaniwo, ndipo kabungwe kotere sikangapanikize kasitomala wake. Amayi amapatsidwa homuweki miyezi 6, amene ali ndi mphamvu zokweza anthu amapatsidwa mbale ya chakudya. Zimene mayi wa ku banki ananena tsiku loyamba zinakwaniritsidwa tsiku lomaliza.

Nthawi yomweyo mphepo inali itatembenuka kunjaku. Lamulo la ku California la 2018 lokakamiza makampani kukhala ndi amayi m'mabodi awo, magulu aja oyang'anira kampani yonse, linathetsedwa ndi khoti mu 2022. Mu Disembala 2024, tili pakati pa maphunziro, khoti la apilo linathetsanso lamulo la msika wa masheya wa Nasdaq lofuna kuti makampani aziulula mmene mabodi awo alili. Chakumayambiriro kwa 2025 makampani akuluakulu ambiri anayamba kuchepetsa kapena kutseka mapulogalamu othandiza amayi ndi anthu a mitundu ina. Kampani yathu sinagulenso malo a chaka chotsatira.

Ndiye ngati kampani yanu ikadalipira maphunziro otere, lowani osazengereza, makamaka ngati muli pa khwerero loyamba lija, mwagwira ntchito zaka zingapo koma simunakhalepo manijala. Pamenepo ndi pamene mlangizi wabwino angasinthe zinthu msanga. Musanasaine, funsani kuti alangiziwo anagwirapo ntchito yanji, chifukwa wanga anali wabwino poti anakhalamo yekha m'zipinda zija zaka zambiri, pamene amayi ena anapatsidwa achinyamata ongowerenga mafunso papepala. Funsaninso kuti mkulu wokuikirani kumbuyo adzachita chiyani kwenikweni, liti, ndipo adzamulondola ndani. Akayankha mozungulirazungulira, dziwani kuti ndi chakudya cha masana chomwe chija. Kulipira nokha madola 3,500 sindingakulimbikitseni. Zambiri zimene tinapindula pokhala pamodzi mungazipeze motsika mtengo m'mabungwe othandiza achilatino pantchito monga ALPFA, limene lakhalapo kuyambira 1972, kapena HACE la ku Chicago konkuno, ngakhalenso m'timagulu ta Lean In timene n'taulere.

Kwa ine zinatha chonchi. Fomu yolembedwanso ija ndinaipereka mu Disembala. Mamalikisi anga anakwera, malipiro anakwera pang'ono, udindo sunasinthe. Ndinapita kwa bwana wanga ndi pempho limodzi lomveka, loti ndiziyang'anira bajeti ya mafuta ya depoti imodzi, ndi ogulitsa ake ndi zotsatira zake, ndipo atazengereza milungu iwiri anavomera. Si gawo lolowetsa ndalama, koma ndi koyamba kuti nambala ina pakampani ikhale ndi dzina langa pambali pake. Mayi wa ku Honduras uja anaona ntchito yolengezedwa mu Januwale, malipiro ake atalembedwa poyera monga lamulo latsopano likunenera, ndipo otsikitsitsa ake anali oposa amene iye ankalandira. Anafunsira, anamutenga, anachoka mu Malichi. Kampani imene anaitumikira zaka 11 inamupatsa keke ndi khadi.

Gulu lathu la pa WhatsApp lidakalipo. Awiri anatulukamo, tatsala 12. Aliyense akaona ntchito yolengezedwa amatumiza chithunzi chake, malipiro atawazunguliza ndi mzere wofiira. Tagwirizana kuti Okutobala akubwerayu tikakumana kunyumba kwa mayi wa ku banki uja, ndipo wa ku fakitale walonjeza kubweretsa mapepala ndi katoni.